Ndinasandutsa Vinyo wa Misa Kukhala Madzi

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata woima pano. Ine ndine Zakaliya, wa ku Tsangano. Ondidziwa akudziwa kuti sindine wa mawu ambiri. Pa ukwati ine ndi uja amawaza nkhuni kuseri. Koma nkhani iyi ndikaiyamba mtima umathamanga, ndiye mukaona ndikufulumira mundikhululukire. Ena mwabwera muno fungo la dzulo likadali m'kamwa. Musabise nkhope. Fungolo ndalimva ndikadali pakhomo, ndingathe kukuuzani ndi mtundu wa chimera chake, koma sindinabwere kudzaloza munthu chala.

Ndinakula osamwa. Mpaka pamene mkazi wanga Marita ankamwalira, chakumwa chimene ndinkadziwa ndi thobwa. Marita anadwala m'mimba atabwera kocheza kwa mkulu wake, a Nangozo, ku Ntengo-Wambalame, ndipo sanadzukenso. Anandisiyira mwana mmodzi, Luziya. Anthu anayamba kunong'ona kuti a Nangozo anamudyetsa kanthu mng'ono wawoyo, poti iwo anali ofulula mowa, ndipo wofulula mowa sachedwa kunenedwa. Ine sindinakhulupirire. Koma sindinatsutsenso, ndinangokhala chete monga mwa khalidwe langa.

Nthawi imeneyo nkhondo inkamveka patali. M'maloja, m'masitolo muja, munalibe mchere, munalibe sopo, ndipo msewu wa ku Tete unkayendedwa ndi olimba mtima okha. Tsiku lina Apadiri athu, ansembe a mpingo wathu, nkhalamba yovutika mwendo, anandiitana.

"A Zakaliya, vinyo wa Misa watsala pang'ono, ndipo ku Tete sikukubwera kanthu. Ndamva kuti m'midzi muno anthu akupanga vinyo. Mpingo umafuna wa mphesa zokhazokha, osati wa chipatso china. Mupite mukandifunire."

"Apadiri, ine zamowa sindizidziwa."

"N'chifukwa chake ndikutuma inuyo. Ndikatuma wodziwa, abwera chaka chamawa."

Anathira pang'ono vinyo wosadalitsa m'kapu. "Aliyense adzakuuzani kuti wake ndi wa mphesa. Musamvere pakamwa pawo, mverani lilime lanu. Nunkhizani kaye. Kenako ikani m'kamwa, yendetsani pa lilime, mulavule. Kwathu olawa vinyo amatero, ndipo amabwerera kwawo akuyenda mowongoka."

Ndinanunkhiza, ndinalawa, ndinalavula pazenera. Zinaoneka zosavuta. Apadiri ankadziwa za vinyo, koma panali chinthu china cha kwathu kuno chimene iwo sanachiganizire, ndipo inenso ndinachiiwala.

Ndinayambira kwa alamu anga a Nangozo, poti ndiwo ankatchuka ndi vinyo. Ndinawapeza pansi pa mitengo yawo ya mapichesi, anthu atakhala pa mabenchi ndi zikho.

"Taonani, alamu anga oyera mtima afika pamowa," anatero akuseka. "Lero mvula igwa ya matalala. Mwasochera kapena mwatopa ndi thobwa?"

Ndinawafotokozera za ulendo wanga. Anatunga chikho, n'kuyamba kumwako iwo monga mwa mwambo, kuonetsa kuti mulibe choipa, kenako n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinanunkhiza. Abale, munda wonse wa mapichesi unali m'chikho chimenecho. Ndinaika m'kamwa, ndinayendetsa pa lilime, ndinadziwa kuti si mphesa. Ndiye ndinatembenuka n'kulavula pansi.

Phokoso lonse linatha. Munthu wina anaika chikho chake pansi pang'onopang'ono. A Nangozo anayang'ana malovu aja padothi, kenako anayang'ana ine.

"Alamu, mwalavula?"

"Apadiri anati..."

"Ndamwako ine pamaso panu. Ndiye nanunso mukuti Marita ndinamupha ine?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Kwathu kuno kulavula chimene mwini wake wakupatsa atamwako ndi kumunena ufiti, ndipo ine ndinachita zimenezo kwa mayi amene mudzi wonse unkamunong'ona kale. Ndinanyamula chikho chija n'kumwa chonse osapumira, ndinapempha china, n'kumwanso. Anthu anayambiranso kucheza. A Nangozo anapukuta maso ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija. Ine ndinalumbira mumtima kuti sindidzalavulanso chakumwa cha munthu. Pobwerera, njinga ndinkachita kuikankha, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Marita ndinaimba panjira.

Ndisakunamizeni kuti ulendo umenewo unali woipa. Unali wokoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene ndikufuna mukumvetse. Ndinkadzuka chifunga chikadali m'mapiri, n'kukwera njinga, kutsetsereka, kukwera, kufunsa ana oweta ng'ombe kumene kwaphikidwa. Dziko lathu lino ndinalidziwa ndi lilime. Kumtunda kozizira, kumene amalima tirigu, ndinapeza mowa wa tirigu, wopepuka, wa thovu loyera, wonunkhira ngati mkate wongophula. Kumadimba ndinapeza vinyo wa nthochi, wotsekemera pakamwa koma wogwira maondo. Mayi wina ankafinya masuku n'kuthiramo uchi, ndipo chikho chake chinkasiya kafungo ka m'nkhalango mpaka madzulo. Ndinalawa masese a mawere olemera ngati phala, kabanga wa gaga wowawasa, chikokeyani wosachedwa kupsa. Ndinalawa kachasu wa masau amene amalonda ankabwera naye kuchokera kuchigwa kotentha, uja ukamwa umamva njira yonse imene wadutsa mpaka m'mimba.

Ndipo zinapezeka kuti Mulungu anandipatsa lilime lakuthwa. Ndinkangolawa n'kunena kuti, "Amayi, chimerachi chinauma pautsi," kapena, "Mbiya iyi munasungiramo nyemba." Eni ake ankagwira pakamwa. Anandipatsa dzina loti a Lilime. Posakhalitsa ofulula anayamba kunditumira uthenga kuti ndikalawe asanaitane anthu. Munthu amene ndinkakhala kuseri ndikuwaza nkhuni ndinayamba kupatsidwa mpando wa pakati. Nyumba yanga inali yozizira, ya zii, koma kumowa ankandidikira. Ndinkadziuza kuti ine si womwa, ndine wolawa, ndipo ndili pa ntchito ya mpingo.

Mphesa ndinakazipeza kutali, ku Macanga, kupitirira Furancungo. Kumeneko kunali nkhalamba ina, a Faustino, amene kale ankaphikira Mpwitikizi wina pa kinta yake, munda wake waukulu. Mwini wake atachoka, iwo anapitiriza kusamala mipesa imene anasiya. Ananditsogolera m'kachipinda ka mdima, kozizira, n'kunditungira m'kapu ya malata. Nditangoika m'kamwa, lilime langa linakumbukira kapu ya Apadiri ija. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira.

"Ndi ameneyu," ndinatero. "A Faustino, ndi ameneyu."

"Khalani pansi, mungagwetse mbiya," anayankha. Anandidzazira galafau, lija botolo lalikulu lolukiridwa nsungwi kunja, n'kumata pakamwa pake ndi phula la njuchi. "Vinyo ali ngati khanda, amadana ndi mphepo. Mukamatsegulatsegula asasa. Mwamva?"

Ndinati ndamva.

Apadiri anasangalala ngati mwana. Koma sanathire ngakhale kamodzi m'galafau limenelo, chifukwa nkhondo imene inkamveka patali ija inafika pakhomo. Apadiri anauzidwa kuti awoloke apite ku Malawi. Luziya anali atamaliza maphunziro a Ukaristia woyamba, amene anayamba ndi mayi ake, ndipo ankangodikira tsiku. Ponyamuka, Apadiri anandisiyira galafau lija.

"Musunge ameneyu. Tsiku limene ndidzabwerere, Misa yoyamba ndi ya Luziya ndi anzake."

Ndinalikwirira m'munda wanga wa kachewere, khosi lokha lili pafupi ndi pamwamba. Midzi inasamuka. Tinakamanga misasa m'mapiri, ofulula ambiri anathawira kutsidya, ndipo amene anatsala analibe chimanga chowonongera chimera. Mowa unasowa. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti wolawa uja anafa kalekale. Khasu linkandipulumuka m'manja. Ndipo ndinkadziwa malo amodzi okha m'dziko lonse pamene panali chakumwa.

Ndinadziuza kuti ndi udindo wanga kuona ngati sanasase. Ndinaboola phula, ndinalowetsa bango, ndinayamwa pang'ono nditagwada pamzere ngati munthu wopemphera. Anali asanasase. Mawa lake ndinafuna kutsimikiza. Nditaona kuti watsika, ndinathiramo madzi a mumtsinje kuti afike pakhosi pomwe anali. Ndinkati madzi pang'ono sangaononge, poti ndi Apadiri omwe amathiramo kadontho paguwa.

"Ababa," anandifunsa Luziya tsiku lina, "kachewere amafuna bango masiku ano?"

"Ndi lopimira mizere, mwanawe."

Sanafunsenso.

Patapita nthawi yaitali, munthu wina wowoloka malire anabwera ndi uthenga. Apadiri akubwera kudzera njira zam'tchire. Akufunsa ngati anyamule vinyo, poti mabotolo amalandidwa panjira. Abale, apa ndiye pamene ndikanapulumukira. Mawu amodzi okha. Koma ndinati, "Kawauzeni anyamule mikate ya Misa yokha. Vinyo alipo."

Tsikulo linafika. Tinasonkhana m'nkhalango ya masuku pafupi ndi malire. Anthu anatuluka m'mapiri amene ndinkayesa mulibe munthu, ena atabereka nkhalamba zawo kumsana. Ng'oma sitinaimbe poopa kumveka, koma nyimbo zinkayenda chapansipansi, ndipo nkhope zinkawala. Luziya anavala diresi yoyera imene anasoka yekha ndi nsalu ya mayi ake, kumutu atavala nkhata ya maluwa akutchire. Ine ndinabwera ndi galafau paphewa, anthu akundipatsa njira.

Apadiri anathira pang'ono m'kapu kuseri kwa mtengo. Chimene chinatuluka chinali ngati madzi otsukira nyemba. Ananunkhiza. Analawa.

"A Zakaliya, awa ndi madzi."

"Inde, Apadiri."

"Kodi munkalavula muja ndinakuphunzitsirani?"

"Ndinalavula kamodzi."

Anatseka maso. Kenako anapita kutsogolo n'kuuza anthu kuti lero kulibe Misa. Anabatiza ana, anamva olapa, anadalitsa maukwati, koma Ukaristia panalibe. Dzina langa sanalitchule. Sanafunikenso kutero, aliyense anaona amene ananyamula galafau. Ndinaona Luziya akuvula nkhata ija, n'kuiika bwinobwino patsinde la mtengo, osalira. Ndikanakonda akanalira.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki. Ndinkapita kumisika ya m'malire kumene kachasu ankapezeka. Khasu ndinasinthanitsa ndi botolo, kenako bulangete. Amene ankandipatsa mpando wa pakati anayamba kubisa zikho ndikamafika. Ndinkatsanulira m'kamwa zotsalira za anthu. Dzina la a Lilime linasanduka choseketsa ana.

Tsiku lina masana mfuti zinalira pafupi ndi misasa yathu. Anthu onse anathawa. Ine ndinali gone m'ngalande, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Luziya anali atafika kale kuphiri, koma anabwerera. Anandikokera pansi pa chitsamba, anagona pamwamba panga, n'kunditseka pakamwa ndi manja onse awiri mpaka anthu a mfuti aja anadutsa. Mukudziwa nonse chimene chinkachitikira atsikana a msinkhu wake akapezeka. Ine sindinadziwe kanthu. Ndinaziona mawa lake, pamene ndinaona mano anga atasindikizika m'dzanja la mwana wanga.

Pano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

M'mawa umenewo a Nangozo anabwera kumsasa kwanga. Nawonso anali atathawira kumapiri omwewo. Sanabwere okha, anaitana anthu onse a m'misasa yoyandikana, ena mwa iwo omwe aja anali pa mabenchi tsiku lija. Anakhala pansi moyang'anana nane, n'kutulutsa kabotolo m'kapulana.

"Alamu, Ambuye anasandutsa madzi kukhala vinyo. Inu mwasandutsa vinyo kukhala madzi. Chozizwitsa chanu tachiona, chatikwana."

Ena anaseka pang'ono. Iwo sanaseke.

"Uyu ndi wa mapichesi womaliza. Mitengo ija anaitentha." Anathira m'chikho, anamwako, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinachilandira, iwo n'kupitiriza. "Chikho choyamba munamwa chifukwa cha ine. Munafuna kundichotsa manyazi, ndipo munandichotsadi. Ine ndinaona mmene munamwera chachiwiri, ndinadziwa, koma ndinakhala chete poti zinkandikomera kuti anthu aziona mwamuna wa Marita akumwa kwanga. Lero ndikubwezerani malovu anu. Ikani m'kamwa, mulavule. Pamaso pa anthu onsewa. Sindinapha Marita, ndipo sindikufuna kupha inu."

Ndinanunkhiza. Munda uja unali momwemo, maluwa ake, mthunzi wake, Marita ali mtsikana akutola mapichesi m'chitenje. Ndinaika m'kamwa. Abale, thupi langa lonse linkakuwa kuti meza. Pakhosi pankatseguka pokha. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kumwamba, kenako ndinaona Luziya ataima kumbuyo kwa anthu, dzanja lake atalikulunga ndi kansanza. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinapemphera ndi mawu awiri okha, Ambuye ndigwireni. Ndiye ndinatembenuka n'kulavula padothi.

"Zikomo, alamu," anatero a Nangozo. Analanda chikho n'kukhuthulira chotsalacho pansi.

Anthu atabalalika ndinamuitana Luziya. Anzake onse anali atawoloka kale n'kukalandira Ukaristia kutsidya. Ndinamuuza kuti nayenso apite, asadikirenso.

"Ayi, ababa. Ine ndidzalandira pa Misa ya vinyo amene mudzabweretse inu."

"Nanga ndikalephera?"

"Ndiye kuti sindidzalandira."

Mwana ameneyo anatenga mtima wa mayi ake. Anandisenzetsa katundu amene sindikanatha kumutula pamowa.

Tsopano mverani zimene ndinachita, poti ena mukufuna njira, osati nthano. Kulavula kuja kunali komaliza. Musadzinamize kuti muzilawa n'kulavula, munthu wonga ine ndi inu lilime lake ndi khomo losatsekeka. Kuyambira tsiku limenelo mowa sunalowenso m'kamwa mwanga. Masiku oyamba ndinadwala, thukuta, kunjenjemera, kuona zinthu zoyenda pakhoma. A Nangozo ankandimwetsa phala lamadzimadzi ndipo Luziya ankakhala pakhomo ndi mtengo, osati woopsezera akuba, koma ine. Nditapeza mphamvu ndinayenda kwa wofulula aliyense amene ndinkamudziwa, n'kumuuza ndekha kuti, "Ndikadzabwera kudzapempha, mudzandikanize, ndipo ndikakana chikho chanu musadzayese ndikukunenani." Palibe amene anakwiya. Ambiri mwa amayi amenewo ankalera ana amasiye ndi mbiya zomwezo, ine sindiwaweruza. Ndinawoloka kukalapa kwa Apadiri. Ananditsutsa pang'ono, kenako anati nawonso analakwa potuma munthu wachisoni kumowa ali yekha. Ndipo ndinaleka kuyenda ndekha. Chimenechi ndicho chachikulu. Njira imene ukudziwa kuti ili ndi fungo, uyende ndi munthu amene sakuopa kukuchititsa manyazi.

Mvula itayamba, nyengo yakupsa mphesa, ndinati ndibwerera ku Macanga. A Nangozo anamanga kamtolo kawo.

"Mukupita kuti, alamu?" ndinafunsa.

"Mukuganiza ndingatume fisi kukatenga nyama yekha? Ndiponso akulawirani ndani?"

Tinayenda njira zam'tchire, tikukankha njinga, galafau lopanda kanthu lili pakaliyala. Midzi yambiri inali mabwinja. Koma titafika tinapeza mipesa ili yolemera, zipatso zakuda bii, mbalame zikuchita phwando. Nyumba ya kinta inali itapsa. A Faustino ankakhala m'kamsasa kumapeto kwa munda, ataonda, koma pakamwa pali pomwepo. Ndinawauza zonse.

"Ndinakuuzani kuti vinyo amadana ndi mphepo," anatero. "Sindinadziwe kuti mphepo yake ndi inuyo."

Tinathyola mphesa, tinafinya ndi manja m'mbiya, tinavundikira, tinadikira. Mbiya zitayamba kuwira, kamsasa konse kanadzaza fungo, ndipo ine ndinkakagona kunja pansi pa mtengo. Apa m'pamene ndinaona chifundo cha Mulungu: mphatso ija sanandilande, anangoisamutsira kumphuno. Ndinkaima pakhomo n'kunena kuti mbiya yakumanzere yatsala pang'ono, yapakati yapsa. A Nangozo ankalawa n'kugwedeza mutu. "Mfiti ndinu, alamu, osati ine." Vinyo atadikha tinasefa ndi nsalu, tinadzaza galafau, a Faustino anamata phula lochindikala n'kudindapo chala chawo chachikulu.

Pobwerera, tikutuluka m'chigwa china, tinangoona anyamata a mfuti atatizinga. Musandifunse kuti anali a mbali iti, masiku amenewo njala inawafananitsa. Mkulu wawo anagogoda galafau ndi nsonga ya mfuti.

"Muli chiyani umu, madala?"

"Vinyo wa Misa."

"Lero Misa ichitikira pompano. Tsegulani. Muyambe kumwako inu, tione ngati mulibe mankhwala."

Mwambo womwe uja unandipezanso panjira, tsopano uli ndi mfuti. Ndikamwa, ndagwa, ndipo vinyo wapita. Ndikakana, ndiye kuti ndanyamula chiphe. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Pepani, ine ndinasiya. Sindimwa."

Mfuti inakwera kufika pachifuwa panga. Pomwepo mnyamata wina kumbuyo anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Shefi, awa ndi a Lilime a ku Tsangano. Awa ankanyambita zikho kwa amayi anga. Akuti asiya? Awa?"

"Ukuwadziwa?"

"Dziko lonse likuwadziwa. Ngati a Lilime ayenda ndi galafau kuchokera ku Macanga osaliboola, n'kukananso kulawa, muli zinthu zoti ngakhale galu sangamwe. Ine ndiye ayi."

Mkulu uja anayang'ana phula, anayang'ana ine, anayang'ana a Nangozo. A Nangozo anangoyang'ana kumbali ngati munthu wodziwa kanthu. Mkulu uja anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Tengani zinthu zanuzo muzipita. Musatsegule pafupi ndi mtsinje."

Tinakankha njinga osacheuka. Titakwera phiri, a Nangozo anakhala pamwala n'kuseka mpaka misozi. "Alamu, uchidakwa wanu ndi ufiti wanga zagwira ntchito ya Mulungu lero." Ine ndinagwada pomwepo. Ndinawauza anyamata aja zoona zokhazokha, ndipo manyazi anga omwewo ndi amene anaphimba vinyo wa Ambuye.

Galafau sindinalisunge ine. Ndinalipereka kwa Luziya, iye anakalibisa kumene ine sindinadziwe, ndipo sindinafunse. Tinatumiza uthenga kutsidya. Apadiri anayankha kuti abwera, koma ulendo uno anyamulako kabotolo kawo. Sindinawadandaule.

Tinasonkhananso m'nkhalango ya masuku yomwe ija, anthu ochuluka kuposa poyamba. Diresi ya Luziya inali itafupika, anachita kulumikiza nsalu ina m'munsi. Anabwera ndi galafau pamutu n'kulitula pamaso pa Apadiri. Chala cha a Faustino chinali chikadali paphula. Apadiri anaswa phulalo ndi mpeni, anathira m'kapu, ndipo vinyo anatuluka wofiira ngati magazi. Fungo lake linandipeza kumbuyo kumene ndinaima. Ananunkhiza, analawa, kenako anabweza kabotolo kawo kaja m'thumba.

"A Zakaliya," anaitana, "bwerani mukhale kutsogolo kuno."

Tsiku limenelo amayi analephera kuimba chapansipansi. Nthungululu inaphulika, ndipo palibe amene anailetsa. Ndinaona mwana wanga akuyenda kupita kuguwa, manja atawagwirizanitsa, chipsera cha mano anga chikuoneka, ndipo analandira. Pobwerera anadzagwada pambali panga.

Apadiri aja anapita, a Faustino anapita, a Nangozo tinawaika nkhondo itatha, pansi pa mapichesi amene anabzalanso. Marita ndidzamupeza ndili wowongoka. Inu amene mwakhala kumbuyoko, amene mukuti mumangolawa, kapena mumamwa poopa kukhumudwitsa anzanu, tikatuluka muno mundipeze pakhomo. Tikayendera limodzi kwa amene amakutungirani, mukawauze nokha, ine ndidzaima pambali panu.

Anthu amakonda kundifunsa kuti, a Lilime, inu amene munalawa mowa wonse wa ku Tsangano ndi ku Macanga, vinyo wa tsiku limenelo anali wokoma bwanji? Amene analawa amati sanamwepo wotero. Ine ndinathyola mphesa zake, ndinamufinya ndi manja awa, ndinamukankha panjinga kudutsa pakati pa mfuti. Koma kukoma kwake sindikudziwa. Sindinamulawe.